Thumba Lachitatu pa Epuloni ya Chipeso

Chipeso anatsegulapo babashopu kawiri, ndipo kawiri konseko anaitseka ndi manja ake omwe. Sikuti ankamwa mowa, ayi, ngakhale kulawa komwe. Sikutinso sankadziwa kumeta. Dzina lomweli anamupatsa ndi makasitomala chifukwa chipeso sichinkachoka m'tsitsi mwake, ndipo mutu umene wadutsa m'manja mwake unkadziwikira patali. Matenda ake anali amodzi basi: pakamwa pake panalibe mawu akuti ayi. Achimwene ake akangofika atagwetsa nkhope, dzanja la Chipeso linali litalowa kale m'thumba. Mlamu akaimba foni, msuweni akapatuka kuti "ndimati ndingokuonani," ndalama ya malezala, ya magetsi, ya lendi, yonse inkapita. Mwezi ukamatha munthu ankatsala ndi galasi ndi mpando, kenako mpandowo n'kugulitsanso.

Shopu yachitatu inali kachipinda kothina m'mbali mwa msika, kumanzere wosoka nsapato, kumanja mayi wogulitsa masamba. Tsiku limene ankakhomera galasi pakhoma, mkazi wake anabwera kudzakolopa. Sanakalipe mayiyo. Anangoyankhula ali chiweramire, uku akufinya chikolopa.

"Bambo a mwana, iyi ikagwanso, ine ndi ana tikakhala kwa amayi. Sindikukuopsezani. Ndatopa basi."

Chipeso anadziwa kuti si nthabwala. Ndipo moyo wonse wa shopuyo unali m'makina amodzi ometera, akalekale, omangidwa ndi tepi yakuda pachogwirira, amene ankati akatentha n'kuyamba kuzula tsitsi m'malo modula. Ana ankalira pampando, akuluakulu n'kumangoluma mano. Makinawo akanafa iye asanagule ena, kunali kutseka chitseko ndi kuperekeza banja lake pa basi.

Amene anamukokera kusukulu ya Loweruka ndi mayi wa masamba uja. "Tiyeni mukawaone Amayi a Matumba," anatero. "Salipiritsa. Tsekani masana amodzi okha, mitu ya anthu sithawa."

Amayi a Matumba anali telala, munthu wamfupi, wa imvi zongoyamba m'mbali, amene tepi yoyezera sinkachoka m'khosi mwawo ngakhale pa ukwati. Achinyamata ankangowadziwa ngati mayi wa makina amodzi pakhonde, wofupikitsa mathalauza ndi kusintha zipi. Koma akuluakulu ankakumbuka. Kale mayiwa anali ndi shopu yaikulu pamsewu, makina ali ndandanda, atsikana ophunzira kusoka ali pikitipikiti, mayunifolomu a masukulu onse ozungulira akutuluka m'menemo. Shopu imeneyo sinapse ndi moto, sinathyoledwenso ndi akuba. Inadyedwa pang'onopang'ono ndi anthu owakonda. Uyu fizi, uyu maliro, uyu thiransipoti, uyu "ndibweza mwezi ukatha." Ambiri mwa iwo sankanama, mavuto awo anali enieni. Makina anayamba kuchoka amodziamodzi mpaka anatsala a pakhonde aja. Ndiye imvani izi, abale inu: anthu omwe anadya nawo aja ndi amene anayamba kunong'onezana kuti mayiyu sadziwa bizinesi. Zinthu zina zimapsetsa mtima ngakhale pozinena.

Munthu wina akanasunga chakukhosi mpaka kumanda. Iwo anapita kwa ahedi a sukulu ya pulayimale kukapempha kalasi imodzi ya Loweruka masana, n'kuyamba kuphunzitsa aliyense wofuna kumva mmene ndalama ya bizinesi imathawira. Palibe anawatuma, palibe ankawalipira, ndipo choko ankagula okha. Amuna awo, dalaivala wa malole amene anapuma ntchito chifukwa cha matenda a shuga, ankawaseka kuti anthu amapuma Loweruka koma ena ndi pamene amakatsegula sukulu. Komabe bambo omwewo ndi amene ankanyamula chikwama mpaka pageti, n'kudikira pansi pa mtengo mpaka kalasi ithe.

Chipeso analowa akuyembekeza masamu. Anapeza anthu akuluakulu atadzipanikiza m'madesiki a ana, mawondo akugunda thabwa: ogulitsa makala, owotcherera zitsulo, amayi ogulitsa zovala za salaula, wosoka nsapato mnzake uja. Aliyense anali atavala epuloni ya zidutswa za nsalu zamitundumitundu. Amayi a Matumba anamuyang'ana kuyambira kuphewa mpaka m'chiuno, n'kutulutsa ina m'chikwama. Inali ndi matumba awiri. Lakumanzere linali lotseguka, lakumanja linali ndi zipi.

"Lakumanja ndi la shopu, lakumanzere ndi lanu," anatero mayiwo. "Kasitomala akalipira, ndalama ilowe kumanja. Madzulo musiye momwemo ya malezala, ya magetsi, ya lendi ndi ya makina atsopano. Chotsalacho ndiye malipiro anu, chipite kumanzere. Zakumanzere chitani nazo zimene mukufuna, kaya mumwaze mumsewu, n'zanu. Koma zakumanja si zanu, mwana wanga. Inu ndinu wantchito chabe, bwana ndi shopu. Mukatengamo ndiye kuti mwadya mpamba."

Zimenezo anazimva, sizinali zovuta. Chimene chinamusiya kukamwa kuli yasa ndi chimene chinatsatira. Mayi aja anavula tepi m'khosi, anavala jekete yakale ya amuna awo, n'kutuluka panja.

"Kuwerengera ndalama aliyense pano amadziwa," anatero ali pakhomo. "Chimene simudziwa ndi kukana m'bale wanu, iye n'kuchoka akadali m'bale wanu."

Polowanso sanali telala. Anali munthu wina, mapewa atagwa, akukoka phazi, maso ali pansi, akutsokomola kachifuwa ka munthu amene wayenda mtunda wautali. Anaima pa desiki ya Chipeso n'kupuma mozama. Chipeso anamva tsitsi likumuimirira. Anali achimwene ake enieni, mpaka kakandidwe ka kumutu, chonsecho mayiwa sanawaonepo n'kamodzi komwe.

"Mphwanga," anatero ndi mawu onjenjemera, "ine sindikanabwera. Ukudziwa kuti ndine munthu wamanyazi. Koma alandilodi atulutsa katundu panja, alamu ako akhala pa matilesi pabwalo. Amene ndinakuphunzitsa kupalasa njinga ndi ine, waiwala?"

M'thumba lakumanja anali atamuikiramo zitsekerero za mabotolo zoyeserera. Chipeso ankadziwa kuti ndi zitsekerero, ankadziwa kuti ndi sewero, koma zala zake zinatsegula zipi zokha. Kalasi yonse inafa nacho chiseko, wowotcherera zitsulo mpaka kugwa pa desiki.

"Musamuseke, nonsenu munayambira pomwepa," anatero mayiwo akuvula jekete. Kenako anamuphunzitsa kakanidwe kake. M'bale akabwera umupatse mpando. Umupatse madzi akumwa. Umumvere mpaka amalize, osamudula pakamwa, chifukwa kupempha n'kowawa. Umupepese kuchokera pansi pa mtima. Ukatero umuonetse thumba lakumanzere: ngati muli kanthu umupatse, ngati mulibe ulitembenuze aone yekha. Lakumanja unene zoona, kuti si lako. Pomaliza umuperekeze mpaka pamsewu monga mlendo wolemekezeka.

Loweruka lililonse ankasanduka munthu wina. Lero apongozi, sabata yamawa mnzako wa kusukulu, ina mkulu wa mpingo wa mawu ofewa. Misozi inkatuluka yeniyeni. Chipeso ankawayang'ana n'kumadzifunsa kuti kodi mayi wamfupi chonchi anthu onsewa amawasunga pati. Patapita nthawi anazindikira kuti onsewa ndi anthu amene anaimapo pakhomo pa shopu yawo yaikulu ija, ndipo mayiwa anawaloweza onse popanda kudana ndi mmodzi yemwe.

Anali atawachenjezanso kuti sewero silithera m'kalasi. "Ndidzakupezani komwe mumagwira ntchito, tsiku limene simukuyembekeza." Ndipo anabweradi. Tsiku lina m'kati mwa sabata anatulukira m'babashopu ali wefuwefu, akuti akuba atenga nsalu ya kasitomala pakhonde ndipo mwini wake akufuna kupita kupolisi.

"Lero si sewero, mwana wanga," anatero.

Zipi inatseguka. Loweruka lake anamubwezera ndalama yake pamaso pa anthu onse, Chipeso manyazi atamugwira mpaka m'makutu.

"Ngakhale ineyo nditanena kuti si sewero, zipi isatseguke," anatero mayiwo. "Wopempha aliyense amati lero si sewero, ndipo nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Ngati mumatsegula chifukwa nkhaniyo ndi yoona, muzitsegula tsiku lililonse."

Chipeso analumbira mumtima kuti sadzagwanso. Ndipo achimwene ake enieni atabwera, anachita zonse mwa ndondomeko yake. Mpando, madzi, khutu, pepani, thumba lakumanzere. Achimwene anachoka akung'ung'udza kuti ana a masiku ano auma manja. Koma patapita masabata angapo anabweranso kudzametetsa. Sanalipire, inde, koma sanapemphenso kanthu, ndipo anacheza za mpira mpaka kuseka. Thumba lakumanja linayamba kulemera. Lendi inkalipidwa pa nthawi yake. Mkazi wake anasiya kutchula za kwa amayi ake, n'kuyamba kufunsa kuti makina atsopanowo adzakhala a mtundu wanji.

Ndiye linafika Lachitatu lina, dzuwa lili paliwombo, m'shopu mulibe kasitomala. Amayi a Matumba analowa mwakachetechete. M'khosi munalibe tepi, mpango kumutu unali wopendekeka, kumapazi anavala masilipasi a m'bafa. Chipeso anangoti mumtima, eee, lero ndiye akonzekera zenizeni.

Anawapatsa mpando wometerapo. Anawatungira madzi m'kapu.

"Abambo akunyumba anagwa m'mawa uno," anatero mayiwo, maso ali pa kapu. "Awagoneka kuchipatala. Mankhwala amene adokotala alemba kumeneko kulibe, akuti ndikagule kusitolo ya mankhwala lero lomwe. Ndibwerekeniko, mwana wanga. Ndidzabweza."

Sanalire ulendo uno, sanakoke phazi, sanatsokomole. Chipeso anagoma kwambiri. Anaona kuti ili ndiye sewero loposa onse, lopanda zokometsera. Anamvetsera mpaka mayiwo atakhala chete. Anapepesa ndi mawu abwino kwambiri amene anali nawo. Kenako anatembenuza thumba lakumanzere, ndipo linalidi lopanda kanthu chifukwa m'mawa womwewo anali atapereka ya nsapato za mwana.

"Lakumanjali si langa, amayi," anatero. "Ndi la shopu."

Mayi aja anayang'ana makina ometera aja pa shelefu, ndi tepi yake yakuda yomatuka. Kenako anamuyang'ana iyeyo kwa nthawi yaitali. Anamwa madzi onse mpaka kapu kuuma.

"Zikomo, mwana wanga," anatero.

Anawaperekeza mpaka pamsewu. Pobwerera anapeza mayi wa masamba akuseka chamumtima. "Anayambira kwa ine," anatero mayiyo. "Sindinagwe." Wosoka nsapato anakweza nyundo m'mwamba kusonyeza kuti nayenso walimba. Atatuwo anaima padzuwa akuyamikirana, akutamanso mphunzitsi wawo kuti anafunika kukhala wa pa wailesi. Masilipasi a m'bafa aja ndiye anawaseketsa kwambiri.

Lachisanu makina a Chipeso anafuka utsi ali pamutu pa munthu, n'kuzima osadzukanso. Anamaliza mutuwo ndi sizasi. Koma sanataye mtima monga kale. Anagwira thumba lakumanja, n'kudziwa kuti zimene zili m'menemo zikwanira makina atsopano, ndendende, popanda chotsala. Anauza mkazi wake kuti Lolemba m'mawa alawirira kutauni.

Loweruka Amayi a Matumba anafika mochedwa, chinthu chimene sichinachitikepo. Chikwama ananyamula okha. Tepi inali itabwerera m'khosi. Anaima kutsogolo kwa bolodi n'kuyang'ana nkhope imodziimodzi.

"Sabata ino ndinayenda kwa ophunzira anga," anatero. "Aliyense anandipatsa mpando. Madzi ndinamwa mpaka mimba kudzaza. Ndipo aliyense anandikana. Chiyambire kuphunzitsa m'kalasi muno, sindinanyadirepo anthu ngati mmene ndikukunyadirani lero."

Anthu anaomba m'manja, ena akumenya madesiki. Wosoka nsapato, munthu wokonda nthabwala, anakweza dzanja.

"Nanga odwala athu kuchipatala ali bwanji, amayi?"

Kalasi inaseka.

"Ayamba kupeza bwino," anayankha mayiwo. "Dzulo anakhala tsonga, mpaka kudandaula kuti ndevu zawakulira."

Chiseko chinazima pang'onopang'ono. Chipeso anatembenukira pawindo. Pansi pa mtengo paja, pamene bambo aja ankakhala Loweruka lililonse, panalibe munthu.

Mayi wa masamba ndi amene anayankhula. "Amayi, dzulo ndinadutsa kwanu. Pakhonde sindinaone makina. Ndimayesa mwalowetsa m'nyumba chifukwa cha fumbi."

"Anatenga telala wina wa kutsidya kwa msewu. Ndi munthu wosamala, aziwathira mafuta bwino. Mankhwala anagulidwa tsiku lomwelo."

Chipeso anamva ngati wina wamuthira madzi ozizira kumsana. Anakumbukira kapu ija, masilipasi aja, ndi mmene anasekera padzuwa. Makina omaliza, otsala pa shopu yonse yaikulu ija, anapita iye atakhala pa ndalama. Sanadziwe kuti waimirira nthawi yanji. Anangopezeka ali kutsogolo, zipi itatseguka, dzanja lili m'thumba lakumanja, misozi ikutsika popanda manyazi.

"Amayi, tiyeni tikawaombole lero lomwe. Izi zikwana. Ine ndizimeta ndi sizasi."

Mayi aja anamugwira pamkono, dzanja likadali m'thumba. Zala za telala n'zolimba, abale. Chipeso, mwamuna wamtali, analephera kulisuntha.

"Makina anu afa, si choncho?"

"Afa dzulo."

"Ndipo mayi a ana anu ananena chiyani za shopu imeneyi?"

Chipeso anaweramitsa mutu. Iye mwini ndi amene anawauza nkhaniyo Loweruka lake loyamba.

"Tamverani, mwana wanga. Lachitatu lija ndinaona makina anu pa shelefu. Ndinadziwa chimene ndikupempha, koma mantha ndi amene anandiyendetsa. Munthu wamantha amagogoda paliponse. Inu munandikana bwino, ndinachoka ndikadali mayi wanu. Tsopano dzanja ili likatuluka ndi kanthu, ndiye kuti makina anga ndagulitsira pachabe, ndi Maloweruka onsewa ndinangotaya choko. Ine shopu ndinatsekapo kale imodzi chifukwa cha mtima ngati wanuwu. Sindikufuna kutsekanso yachiwiri."

Chipeso anatulutsa dzanja lopanda kanthu. Mayi aja anatseka zipi okha.

"Koma pali pamene ndinalakwitsa ndi ine," anapitiriza, akutsegula chikwama. "Ndinaziganizira ndikubwerera kuchipatala. Epuloni imeneyi ndinaisoka moperewera. Munthu wobwera ndi vuto lenileni asamangochoka ndi madzi m'mimba. Pakufunika thumba lachitatu, laling'ono, la tsoka la mnzako. Tsiku lililonse muziponyamo kangachepe kuchokera kumanzere, osati kumanja. Likadzaza ladzaza, likatha latha, ndipo mukakana muzikana mtima uli m'malo. Vulani, ndiyambe ndi yanuyi."

Anatulutsa zidutswa za nsalu, ulusi ndi singano. Anakhala pa desiki ya mwana, anavala magalasi, n'kulowetsa ulusi atayesa kangapo. Mayi amene kale anali ndi makina ndandanda anayamba kusoka ndi manja, kathumba kakang'ono pachifuwa pa epuloni, pamwamba pa matumba awiri aja. Palibe anatuluka masana amenewo. Anthu anavula maepuloni awo n'kuima pamzere mwaulemu, ndipo wosoka nsapato, amene pakamwa pake sipatsekeka, anatenga singano ina n'kukhala pambali pawo osanena kanthu.

Lolemba m'mawa Chipeso anapita kutauni n'kugula makina atsopano, a batire, osafuna chingwe. Sanabwerere nawo kushopu. Anakwera minibasi ina mpaka kuchipatala, n'kupeza bambo aja atatsamira pilo, ndevu zili nyankhalala, akazi awo atakhala pambali akusoka epuloni ya munthu wina. Anawakulunga thaulo m'khosi n'kuyatsa makina. Ankalira mofewa, osazula ngakhale tsitsi limodzi. Odwala a mabedi oyandikana anadzuka kuti aonerere.

Atamaliza, bambo aja anapisa pansi pa pilo n'kutulutsa ndalama ya kumeta.

"Ayi, bambo, zimenezo ayi," anatero Chipeso akubwerera m'mbuyo.

"Landirani," anatero Amayi a Matumba osadzutsa mutu pa singano. "Ameneyo ndi kasitomala. Ilowe kumanja."

Analandira ndi manja awiri n'kuika kumanja, n'kutseka zipi. Atatuluka pageti la chipatala anaima kaye. Kumanzere kunali ndalama ya minibasi yokha. Anaitulutsa, anaiponya m'kathumba katsopano kaja ka ulusi wokhotakhota, n'kuuyamba wapansi ulendo wobwerera kushopu, kumene anthu anali atayamba kale kudikira pabenchi.